Muyeso wa Kufananitsa: Ndemanga pa Kakonzekeredwe ka Chimangirizo Chofananitsa Mabuku, Poyang'ana Wophunzira wa ku Katuli

1. Mau Oyamba

Mwa mafunso onse amene wophunzira zolembedwa amakumana nao m'chipinda cha mayeso, lovutitsitsa ndi lija loyamba ndi mau akuti "fananitsani" kapena "siyanitsani". Funso lotere limafuna kuti munthu asunge mabuku awiri m'mutu nthawi imodzi, apeze choti anene pa onse awiri, ndipo achilembe momveka nthawi isanamuthere. Cholinga cha pepala lino ndi kuunika njira imene ophunzira ambiri amakonzekera nayo funso limeneli, ndiyo yoloweza timabuku ta manotsi ndi mayankho olembedwa kale, ndi kuonetsa kuti chilema cha njirayi chimaonekera m'chiyankhulo chenicheni cha chimangirizo. Mfundo yathu ndi imodzi: palibe kufananitsa popanda muyeso, ndipo muyesowo uyenera kupezeka wophunzira asanalowe m'mayeso, pakuti nthawi ya mayeso ndi yosankha ndi kulemba chabe. Tidzaonetsanso kuti wophunzira woyankhula ziyankhulo ziwiri, monga wa ku Katuli, ali kale ndi zipangizo za ntchitoyi, ngakhale kuti kakonzekeredwe kozolowereka sikazigwiritsa ntchito.

2. Wophunzira Amene Tikumunena

Dera la Mfumu Yaikulu Katuli lili kuvuma kwa boma la Mangochi, kumtunda, m'malire ndi chigawo cha Niassa cha dziko la Mozambique. Chiyankhulo cha pakhomo, cha kumunda ndi cha pabwalo kumeneko ndi Chiyao, ndipo mabanja ambiri ndi a Chisilamu. Kalembera wa 1966 adapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi linkayankhula Chichewa pakhomo, pomwe oyankhula Chiyao adali pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo kuyambira pamenepo chidakhala phunziro m'sukulu za dziko lonse. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidaika malamulo a kalembedwe. Ntchito yake idatengedwa mu 1996 ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idapatsidwa udindo wosamala ziyankhulo zonse za m'dziko, kuphatikizapo Chiyao. Mayeso a MSCE amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa mu 1987.

Zotsatira za mbiri imeneyi n'zakuti mwana wa ku Katuli amaganiza ndi kutsutsana ndi anzake m'Chiyao, amawerenga mabuku ena m'Chichewa ndi ena m'Chingerezi, ndipo ambiri amalowezanso Chiarabu kumadarasa. Akafika pa mayeso a Fomu 4, kapena pa chaka choyamba cha kuyunivesite, amayesedwa m'chiyankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu. Kawirikawiri zimenezi zimatchulidwa ngati vuto lokhalokha. Vuto liripodi, ndipo tidzalikhudza m'gawo 6. Koma munthu amene tsiku lililonse amasamutsa ganizo kuchokera m'chiyankhulo china kunka m'china, naona pamene mau akukana kulowana, ndiye kuti amafananitsa kale. Chimene chatsala ndi kumuonetsa kuti luso lomwelo ndilo likufunidwa papepala.

3. Galamala ya Kufananitsa

Tiyambe ndi chiganizo. Chichewa chilibe m'phatikiri wapadera woika pa mfotokozi pofananitsa zinthu, monga zichitira ziyankhulo zina za ku Ulaya. Chimagwiritsa ntchito mneni, "kuposa" kapena "kupambana". Leon Stassen, m'buku lake la 1985 lounika kafananitsidwe m'ziyankhulo za dziko lapansi, adaika ziyankhulo zochita motere m'gulu lakelake, ndipo zambiri za Chibantu zili momwemo. Chiyao chimachita chimodzimodzi ndi mneni "kupunda". Taonani ziganizo izi:

(1) Okonkwo amaposa Nthondo.
(2) Okonkwo amaposa Nthondo pa kuuma mtima.

Munthu aliyense woyankhula Chichewa akamva (1) amafunsa msanga kuti, "Amamuposa pa chiyani?" Chiganizocho chili ndi zinthu ziwiri zofananitsidwa ndiponso mneni wofananitsira, koma chikusowa chachitatu, ndicho chinthu chimene awiriwo akuyesedwa nacho. Chachitatu chimenechi tikuchitcha muyeso. Mu (2) muyeso ulipo, ndipo chiganizo chakwana. Munthu angathe kuchivomera kapena kuchikana.

Chimangirizo chofananitsa ndi chiganizo (2) chofutukulidwa kufika pa masamba awiri kapena atatu. Chimangirizo cholephera ndi chiganizo (1) chofutukulidwa: mabuku onse awiri alimo, maina ndi zochitika n'zoona, koma woonga akafika kumapeto amatsala ndi funso lija lakuti "pa chiyani?" Timabuku ta manotsi timabala chimangirizo cha mtundu wachiwiriwu chifukwa cha kamangidwe kake. Timatenga buku limodzi palokha, n'kupereka chidule cha nkhani, mndandanda wa atengambali ndi makhalidwe ao, ndiponso mndandanda wa maphunziro. Kenaka buku lina chimodzimodzi. Wophunzira amene waloweza zimenezi ali ndi nkhokwe ziwiri zosiyana, ndipo m'mayeso amangokhuthula ina, kenaka inzake.

Chilemachi chingathe kuwerengedwa ndi chala, poyang'ana alumikizi. Tiyerekeze ndime ziwiri zimene tazipeka tokha:

(3) Nthondo adali wakuba ndipo adapita kukafuna ntchito ndipo adakhala mfumu. Komanso Okonkwo adali wolimba ndipo adali ndi akazi atatu komanso adadzipha.
(4) Pomwe Ntara akutenga munthu wonyozeka n'kumukweza kufikira pa ufumu, Achebe akutenga munthu wolemekezeka n'kumutsitsa kufikira pa imfa yamanyazi. Kotero kubwera kwa Chikhristu, kumene kuli chimake cha ulendo wa woyambayo, ndiko chiyambi cha kugwa kwa wachiwiriyo.

Mu (3) alumikizi onse ndi oonjezera: "ndipo", "komanso". Angathe kuchotsedwa popanda kuononga kanthu, ndipo ziganizo zingasinthanitsidwe malo. Mu (4) alumikizi ndi "pomwe" ndi "kotero". Akachotsedwa, ganizo limagwa. Alumikizi a mtundu umenewu, pamodzi ndi "koma", "ngakhale", "chifukwa", "m'malo mwake" ndi "chikhalirecho", sangalembedwe ndi munthu amene alibe muyeso, pakuti aliyense wa iwo amanena ubale wa mfundo ziwiri. Wophunzira wa ku Katuli ali nao alumikizi otere m'chiyankhulo chake: "nambo" ndiye "koma", "ligongo" ndiye "chifukwa", "mpela" ndiye "ngati". Amawagwiritsa ntchito mwaluso akamatsutsana za mpira kapena za mtengo wa nandolo. Akasowa m'chimangirizo chake, chimene chasowa si mau a Chichewa ai, koma choti atsutse.

4. Chitsanzo: Ntara ndi Achebe

Kuti mfundoyi isakhale ya m'malere, titenge mabuku awiri. Loyamba ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene lidapata mphoto pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ndi kusindikizidwa mu 1933; T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina lakuti Man of Africa. Lachiwiri ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, la 1958, limene Benedicto Wokomaatani Malunga adalimasulira m'Chichewa pa dzina lakuti Chipasupasu. Funso lathu lachitsanzo likhale lakuti: "Fananitsani momwe alembi awiriwa akuonetsera munthu ndi mudzi wake pa nthawi ya kusintha."

Yankho la manotsi lidzanena kuti mabuku onse awiri ali ndi miyambo, onse awiri ali ndi amishoni, ndipo onse awiri akutiphunzitsa khalidwe. Zonsezi n'zoona, koma zinganenedwe pa mabuku makumi ambiri a mu Africa. Tiyeni tione miyeso iwiri imene wophunzira wa ku Katuli angaipeze msanga kuposa anzake ambiri.

Muyeso woyamba ndi kwao kwa mai. M'buku la Achebe, mfuti ya Okonkwo iphulika pa maliro a Ezeudu n'kupha mwana wa malemuyo mwangozi, ndipo chilango chake ndi kuchoka ku Umuofia zaka 7. Athawira ku Mbanta, kwao kwa mai wake, kumene alandiridwa ndi Uchendu, mlongo wa mai wakeyo. Kwa Okonkwo zaka zimenezi n'zotayika: Aigbo amatsata kuchimuna, ndipo ulemu, minda ndi maudindo a mwamuna zili kwa atate wake. Tsono kwa Myao, monganso kwa Mchewa wa m'buku la Ntara, kwao kwa mai ndiko kwao kwenikweni kwa munthu. J. Clyde Mitchell adafotokoza m'buku lake la 1956, The Yao Village, momwe mudzi wa Chiyao umamangidwira pa mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana ao pansi pa chisamaliro cha mlongo wao wamwamuna. Munthu amene Mchewa amutcha mtsibweni, Myao namutcha mjomba, ndiye nkhoswe ndi mwini mbumba, ndipo ufumu wonga umene Nthondo alowa umayenda m'mzere umenewu. Chotero malo amene ali ndende kwa Okonkwo ndiwo gwero la udindo m'dziko la Nthondo. Wowerenga amene wakulira m'mudzi wa chikamwini amadabwa akaona Okonkwo akudandaula pokhala pakati pa abale a mai wake, ndipo kudabwa kumeneko ndiko muyeso. Kuchokera pamenepo angathe kufunsa funso lozama: kodi munthu akalakwa, mudzi uliwonse umamubweza bwanji? Umuofia umachotsa wolakwa kuti dziko liyere. Dziko la Ntara limapirira wolakwa kufikira atasanduka mtsogoleri. Onse awiri, Okonkwo ndi Nthondo, akuumbidwa ndi kusowa kwa atate, wina pochita manyazi ndi Unoka waulesi ndi wangongole, wina pofedwa akali mwana; koma chimene mudzi uchita ndi mwana wotere n'chosiyana.

Muyeso wachiwiri ndi malo a kutembenuka mtima m'kamangidwe ka nkhani. Kwa Ntara kulowa Chikhristu kwa Nthondo kuli kumapeto, ndipo kumamasula mfundo zonse za nkhani: woipa uja wakonzeka. Kwa Achebe kutembenuka kuli pakati, ndipo wotembenuka si Okonkwo koma mwana wake Nwoye, amene mtima wake udasweka kale ndi kuphedwa kwa Ikemefuna. Kutembenukako kumang'amba banja, kenaka mudzi. Wowerenga amene adakulira m'tchalitchi angathe kuona mathero a Nthondo ngati achilengedwe, ngati kuti nkhani sikadatha mwina. Wowerenga wa Chisilamu wa ku Mangochi sangaone motero. Iye akudziwa kuti mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda adalandira Chisilamu m'zaka za m'ma 1800, ndi kuti pa nthawi ya atsamunda makolo ambiri a m'derali adapewa sukulu za mishoni poopa kuti ana angatembenuzidwe. Chifukwa cha ichi iye amaona msanga kuti mathero a Ntara ndi chisankho cha mlembi, chochitidwa ndi munthu wina, pa malo ena, polembera owerenga ena. Kuona mathero ngati chisankho ndilo phazi loyamba la kuunika zolembedwa. Tichenjeze pano kuti chimangirizo si bwalo la mtsutso wa zipembedzo. Chimene chikufunika ndi kuonetsa, ndi umboni wa m'buku, ntchito imene kutembenukako kukugwira m'nkhani.

Wophunzira wa kuyunivesite angathe kuonjezera buku lachitatu la kwao komwe: Chiikala cha Wayao la Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa mishoni ya UMCA amene adatumikira ku Unangu, losindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa Meredith Sanderson. Bukuli ndi la mbiri, si nthano yopeka, koma likuunikira zinazo. Abdallah, Ntara ndi Achebe onse adaleredwa ndi mishoni, pakuti atate a Achebe adali mphunzitsi wa Church Missionary Society, ndipo onse adalemba za makolo ao. Kusiyana kwao kuli pa nthawi ndi pa owerenga: Abdallah mu 1919 m'Chiyao, Ntara mu 1933 m'Chinyanja polowa mpikisano wokonzedwa ku London, Achebe mu 1958 m'Chingerezi, patatsala zaka ziwiri kuti Nigeria ilandire ufulu. Wophunzira amene wagwira zaka zitatu zimenezi sadzalembanso kuti Ntara adali "wogonjera" ndipo Achebe "wolimba mtima" ngati kuti adalemba tsiku limodzi.

5. Nthawi ndi Kukonzekera

Tsopano tibwere ku wotchi. Tiyerekeze kuti funso lapatsidwa mphindi 45. Wophunzira akapatula mphindi 8 zokonza ndondomeko ndi 5 zowerenganso, zolembera zatsala 32. Ngati dzanja lake limalemba mau 20 pa mphindi, chimangirizo chake sichingapitirire mau 640, ndiye kuti chiyambi, ndime zitatu zikuluzikulu, ndi mathero. Wophunzira aliyense ayenera kudziyesa yekha, polemba mphindi 10 osaima n'kuwerenga mau ake, kuti adziwe mlingo wake weniweni. Akaudziwa adzazindikira kuti zambiri zimene waloweza sizidzalowa papepala, ndi kuti luso la mayeso ndi kusiya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Kuchokera pa masamu amenewa tingatchule zinthu zinai zoyenera kulowa m'malo mwa kuloweza mayankho.

Choyamba, mabuku awerengedwe okha, osati chidule chake. Kudabwa kumene tatchula m'gawo 4 sikungabadwe m'manotsi, chifukwa wolemba manotsi adasalaza kale zonse zodabwitsa.

Chachiwiri, pa mabuku awiri alionse wophunzira akonzeretu miyeso itatu kapena inai, ndipo pa muyeso uliwonse asunge chochitika chimodzi cha m'buku ili ndi chimodzi cha m'buku linalo. Zimenezi zimakwana tsamba limodzi. Apa ndipo pamene luso loloweza, limene ana a kumadarasa ali nalo kwambiri, liyenera kugwira ntchito: kuloweza maina, zochitika ndi zaka, osati ziganizo zathunthu za munthu wina. Yankho lolowezedwa lathunthu limayankha funso la chaka chatha. Zochitika zolowezedwa zimayankha funso lililonse.

Chachitatu, mfundo iyesedwe pakamwa isanalembedwe. Ophunzira atatu kapena anai akhale pansi, wina anene chiganizo chimodzi chofananitsa, ena amufunse kuti "pa chiyani?" ndi "umboni wake uli pati?" Palibe cholakwa ngati zimenezi ziyamba m'Chiyao. Mfundo imene yalimba m'Chiyao idzasamutsidwira m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Mfundo imene kulibe m'chiyankhulo chilichonse singasamutsidwe. Mphunzitsi amene aletsa Chiyao pa gawo limeneli akutseka chitsime chimene afuna kutungamo.

Chachinai, ndime iliyonse ikhale ndi mabuku onse awiri. Chimangirizo chimene theka loyamba ndi la Ntara ndipo lachiwiri ndi la Achebe chili ndi ngozi ziwiri: nthawi ikatha msanga buku lachiwiri limatsala lopunduka, ndipo ngakhale nthawi ikwane, kufananitsa kumakankhidwira ku ndime yotsiriza, pamene dzanja latopa. Ndime yomangidwa pa muyeso umodzi ndi yokwana payokha, kotero kuti wophunzira amene belu lamupeza atalemba ziwiri zokha waperekabe kufananitsa kwenikweni. Mphindi 8 zoyamba zija ntchito yake ndi iyi: kuwerenga funso kawiri, kusankha pa miyeso yokonzeratu ija imene ikuyankha funsolo, ndi kulemba chiganizo chimodzi cha mtundu wa (4) chimene chidzakhala msana wa chimangirizo chonse.

6. Za Kalembedwe

Mphindi 5 zotsiriza zili ndi ntchito yapadera kwa woyankhula Chiyao. Zophophonya zake za kalembedwe si zachisawawa. Zimatsata kusiyana kwa kamvekedwe ka ziyankhulo ziwirizi, kumene kudafotokozedwa kuyambira m'galamala ya Sanderson ya 1922 kufikira m'kafukufuku wa Armindo Ngunga. Chiyao chilibe liwu la z m'mau ake enieni, n'chifukwa chake "zikomo" amamveka "sikomo". Pamene Chichewa chili ndi nth, Chiyao kawirikawiri chili ndi nd, monga "munthu" ndi "mundu". Kusiyanitsa t ndi th, p ndi ph, k ndi kh, kumene m'Chichewa kumasintha tanthauzo, monga "kupa" ndi "kupha" kapena "kula" ndi "khula", sikugwira ntchito yomweyo m'Chiyao, kotero h amagwa polemba mofulumira. Palinso lamulo la kalembedwe ka Chichewa loika r pambuyo pa e ndi i, ndi l pena ponse, limene limasokoneza ngakhale Achewa. Popeza zophophonyazi n'zodziwikiratu, wophunzira asawerengenso chimangirizo chonse mwachisawawa, koma asake zinthu zitatu kapena zinai zimene akudziwa kuti ndizo zimamugwetsa.

Kwa oonga ndi aphunzitsi tinganene ichi: h wosowa ndi muyeso wosowa ndi zolakwa za misinkhu yosiyana. Choyamba chimakonzedwa ndi cholembera chofiira m'sabata zochepa. Chachiwiri ndicho chimasiyanitsa wowerenga ndi wobwereza. Mphunzitsi amene adzaza pepala la mwana ndi zizindikiro za kalembedwe, osanenapo kanthu pa ganizo lake, akumuphunzitsa kuti ganizo lilibe mtengo, ndipo mwanayo adzathawira ku ziganizo zolowezedwa, zimene zilibe cholakwa cha kalembedwe chifukwa si zake.

7. Mau Otsiriza

Taona kuti kufananitsa, m'chiganizo ndi m'chimangirizo momwe, kumafuna zinthu zitatu, ndi kuti chachitatu, muyeso, ndicho chimene manotsi sapereka. Taonanso, pa chitsanzo cha Ntara ndi Achebe, kuti miyeso yabwino imachokera pamene moyo wa wowerenga ukusemphana ndi buku, ndi kuti wophunzira wa ku Katuli, wokulira m'mbumba, m'Chisilamu ndi m'ziyankhulo zingapo, ali ndi malo ambiri otere. Ntchito imene yatsala ndi ya akatswiri a ziyankhulo ndi aphunzitsi pamodzi: kusonkhanitsa zimangirizo za ophunzira a m'madera a Chiyao, kuwerenga alumikizi ao monga tachitira mu (3) ndi (4), ndi kuona ngati kukambirana m'Chiyao asanalembe kumasintha chiwerengerocho. Zotsatira za kafukufuku wotere zingathandizenso ophunzira a Chitumbuka, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, amene amalowa m'chipinda chomwecho cha mayeso ndi kupatsidwa mphindi zomwezo.